Kope la ku Jamaica

M'nyumba ina ya ku Boitekong, chakumpoto kwa tawuni ya Rustenburg, muli kope la ana a sukulu la chikuto chofiira limene limasungidwa m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti ndi mapepala a penshoni. Pachikuto pake panalembedwa liwu limodzi lokha, JAMAICA. Eni kopelo ndi bambo a ku Mulanje a zaka zopitirira 60, amene anzawo a kumgodi anazolowera kuwatchula kuti Madala, ndipo dzinalo linawamatirira kotero kuti ana a m'nyumba zoyandikana sadziwa lina. Anayamba kulemba m'kopemo mu 2009. Muli mitengo ya matikiti a ndege, yofufutidwa ndi kulembedwanso chaka ndi chaka. Muli maina a mabwalo a ndege. Mulinso mapu a chilumbacho ojambulidwa ndi pensulo: Kingston kum'mwera chakum'mawa, Montego Bay kumpoto chakumadzulo, ndi kadontho pakati pa mapiri a St Ann polembedwa kuti Nine Mile, kumene Bob Marley anabadwira mu 1945. Ulendowo sanaunyamuke, koma sanausiyenso.

M'banja la a Madala maulendo aatali si achilendo. Bambo awo anapita ku Joni m'zaka za m'ma 1960 osakonzekera chilichonse. Anangofika pa Wenela mu Blantyre, pamalo pamene lero pamakwererwa mabasi, nawapima pachifuwa, nawadindisa chala. Zotsala zonse, ndege yokafika ku Francistown, sitima ya pamtunda, chakudya cha panjira ndi bulangeti, anakonza ndi eni migodi. Mu Epulo 1974 ndege ina ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi, koma mu 1977 njira ija inatsegulidwanso. A Madala anaidutsa mu 1986, ali mnyamata wosakwatira, ndipo nawonso sanafunsidwe kuti akagona kuti kapena ali ndi ndalama zingati. Pamene kulemba Amalawi kunatha mu 1988, iwo anatsalira konko. Kumudzi anayamba kutchedwa mtchona mpaka pamene boma la Nelson Mandela linapereka zilolezo zokhazikika kwa ogwira ntchito ochokera m'maiko oyandikana nawo mu 1995 ndi 1996. Apo m'pamene anapita kwawo, nakwatira, nabwera ndi akazi awo. Migodi ya golide itayamba kuchotsa anthu, anasamukira ku migodi ya pulatinamu, kumene anatha zaka zoposa 20 akutsika ndi chikepe m'bandakucha kukakonza mapaipi a madzi ndi a mpweya pansi pa nthaka.

Mwala umene ankaukumba umayenda dziko lonse. Dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wa pa dziko lapansi, ndipo wambiri amathera m'zosefera utsi wa galimoto za ku Ulaya, ku Japan ndi ku America. Nthawi zina a Madala amaseka n'kunena kuti thukuta lawo linakafika kale ku Kingston, lili m'kati mwa paipi ya utsi ya takisi ina, ndipo chatsala n'chakuti mwini thukutalo alitsatire.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino ndipo amalankhula Chitswana bwino kuposa Chichewa, sanamvetse msanga. Tsiku lina atapeza bambo ake akuwerengetsanso ndalama m'kopemo anati, "Ababa, ngati n'mchenga ndi mafunde mukufuna, Sun City ili pompano. Kuli dziwe la mafunde opanga ndi makina, kuli migwalangwa. Kapena tiyeni ku Durban. Nanga ku Mangochi kwanu kwatha nyanja?"

"Mwanangu," anayankha a Madala, "ndani wakuuza kuti ndikukasamba?"

Chimene chinawakokera ku Jamaica chinayambira m'komponi. Mu 1986 amuna ankagona ambirimbiri m'chipinda chimodzi, ndipo Lamulungu masana panali wailesi ya makaseti imene inkaimba Peter Tosh, Jimmy Cliff, Burning Spear ndi Lucky Dube, amene pa nthawiyo anali atangosiya mbaqanga n'kuyamba rege. Nyimbozo zinkanena za ukapolo ndi za munthu wogwira ntchito kutali ndi kwawo, ndipo mnyamata wa ku Mulanje sanafune womasulira. Pambuyo pake anamva kuti Jamaica inakana kuchita malonda ndi boma la tsankho kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, isanalandire n'komwe ufulu wake mu 1962, ndi kuti Mandela anapita kukathokoza mu Julayi 1991. Anamvanso kuti ubale wa Amalawi ndi zilumbazo ndi wakale kuposa rege ya Evison Matafale ndi anzake a ku Chileka. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ankagwira ntchito ndi anthu a ku West Indies, ndipo mmodzi wa iwo, James Gumbs, anakhala pulezidenti wa bungwelo. Mu 1926 Isa Macdonald Lawrence anamangidwa zaka zitatu ku Nyasaland chifukwa cholowetsa m'dzikomo nyuzipepala ya Kadalie pamodzi ndi ya Marcus Garvey, mwana wa ku St Ann's Bay. Zonsezi zili m'kope lija, pa masamba a kumapeto.

Koma chifukwa chenicheni, chimene sachitchula kawirikawiri, n'cha chiyankhulo. Moyo wawo wonse wa pantchito a Madala anaukhala m'Chifanakalo, chimene a kwathu obwerera ku Halale ankachitcha Chilapalapa. Mawu ake ambiri n'ochokera ku Chizulu, ena ku Chingerezi ndi ku Afrikaans, ndipo chinakula kuti kapitawo alamule ndi kuti Mxhosa, Msotho, Mshangani ndi Mmalawi achenjezane mwala ukamagwa. N'chiyankhulo cha "bwera", "nyamula", "fulumira". Patatha zaka zoposa 100 chikugwiritsidwa ntchito, Chifanakalo sichinakhale chiyankhulo choyamwira cha mtundu uliwonse, ndipo chifukwa chake si chovuta kuchiona. M'komponi simunkaloledwa akazi ndi ana. Mwamuna akatha kontirakiti ankasiya Chifanakalo pachipata pamodzi ndi chisoti, n'kukalankhula ndi mwana wake m'chiyankhulo cha makolo.

Ku Jamaica nako kunabadwa chiyankhulo cha pantchito, m'minda ya nzimbe, pakati pa akapolo ochokera m'mitundu yosamvana ndi azungu owayang'anira. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kunalibe kontirakiti yotha, kunalibe sitima yobwerera. Ana anabadwira momwemo, natenga mawu olamulira aja n'kuwasandutsa mawu otonthozera khanda, onyozera, opempherera ndi ofunsira mbeta. Chiyankhulocho, chimene eni ake amachitcha Patwa, lero chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo mu 2012 Chipangano Chatsopano chinasindikizidwa m'chiyankhulo chimenechi. M'menemo munatsala mawu a ku Africa, monga nyam, kutanthauza kudya, limene akatswiri amati linachokera kumadzulo kwa Africa koma limene khutu la Mchewa silingalimve osaganiza za nyama. A Madala anauza akazi awo usiku wina kuti chimene akufuna n'kukhala pansi pamsika, mwina ku Coronation Market mu Kingston, n'kumva mayi akukalipira mwana wake m'chiyankhulo chimene chinayamba ngati Chifanakalo. Akufuna aone ndi maso kuti chinthu chobadwira m'thukuta la ukapolo chingathe kukula n'kukhala cha pakhomo.

Atayamba kufufuza njira, anaphunzira chinthu chimene bambo awo sanachidziwe, kuti munthu wakuda wopita kukagwira ntchito amamukonzera msewu, koma wopita kukangoona amadzilambulira yekha. Jamaica yeniyeniyo siinali vuto. Malawi ndi Jamaica onse ali m'bungwe la Commonwealth, ndipo pamene ankafufuza anapeza kuti mwini pasipoti ya Malawi safunika viza kuti akacheze pachilumbacho. Vuto linali pakati. Kuchokera pa bwalo la O.R. Tambo palibe ndege yolunjika ku Kingston kapena ku Montego Bay. Njira yodziwika n'kudzera ku London, koma Mmalawi amafunika viza ya Britain ngakhale akungosintha ndege osatuluka m'bwalo. Njira ya ku New York kapena ku Atlanta imafunanso viza ya America, ndipo mu Ogasiti 2025 dzikolo linalengeza kuti Amalawi ndi Azambia ofuna viza yokacheza azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Tsamba la America m'kope lija analikhwatcha ndi mzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Inatsala njira ya kum'mwera: Johannesburg kupita ku São Paulo, São Paulo kupita ku Panama, Panama kupita ku Kingston. N'ulendo wa ndege zitatu ndi masiku awiri, ndipo nawo uli ndi zake. Brazil ndi Panama ndi maiko amene kumapezeka matenda a yellow fever, choncho pamafunika khadi lachikasu losonyeza katemera wobayidwa masiku 10 ulendo usanayambe. Mwana wawo uja anawakumbutsa kuti katemerayu madokotala amayamba aganizira bwino asanam'baye munthu wopitirira zaka 60. Zaka zimene anathera akusunga ndalama zinawabweretsera chipata china chimene mu 2009 kunalibe. Pali nkhani ya nyengonso. Kuyambira Juni mpaka Novembala ku Caribbean ndi nthawi ya mphepo zamkuntho. Matikiti ndi malo ogona amatsika mtengo, koma walira mvula walira matope. Miyezi yabwino ndi Disembala mpaka Epulo, ndipo a Madala anasankha Febuluwale, mwezi umene Jamaica imakondwerera rege ndiponso umene Marley anabadwa, pa 6.

Ndalama za ulendowu zinakwanapo kawiri, ndipo kawiri konse zinapita kwina. Koyamba munali mu 2014. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, pa 16 Ogasiti 2012, apolisi anali atawombera ndi kupha ogwira ntchito 34 ku Marikana, mtunda wosatalika kuchokera ku Boitekong, pa mkangano wa malipiro a R12,500. Mu Januwale 2014 ogwira ntchito pafupifupi 70,000 a m'migodi ya pulatinamu ananyanyala ntchito, ndipo sitalakayo inatha miyezi isanu. M'miyezi imeneyo anthu anagulitsa mafiriji ndi mabedi, ena anamira mu katapila. A Madala sanakongole kwa munthu. Anadya Jamaica, monga amanenera okha, thumba la ufa lililonse likuchotsa mtunda pa mapu aja.

Kachiwiri munali mu Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mapiri pa midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre n'kupha anthu oposa 1,000. Mlongo wawo anaimba foni ali pa sukulu imene anthu anathawirako. "Achimwene, nyumba yapita. Tatsala ndi zovala za m'thupi." Sanapemphe kanthu, ndipo panalibe chifukwa chopemphera. Malata, simenti ndi njerwa zinatenga zonse zimene zinali m'buku la ku banki. Akazi awo amakumbukira kuti usiku umenewo anatulutsa kope lija, nalemba tsiku, nayambanso kuwerengera pa ziro, osadandaula.

Pali anthu, ngakhale kutchalitchi kwawo, amene amaona ulendowu ngati chibwana cha munthu wamkulu. Amati ndalama zotere n'zogulira chigayo kapena zomangira nyumba ya lendi ku Luchenza. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo a Madala sawatsutsa. Nyumba ya kumudzi anamanga, ana anawaphunzitsa, maliro a abale sanaphonyepo ndi amodzi. Koma amati maulendo onse amene amuna a m'banja lawo anayendapo, kuyambira agogo awo amene anapita ku Halale wapansi, anali oitanidwa ndi wina ndi opindulira wina. Akufuna ulendo umodzi wokha umene pofika pa bwalo la ndege, wofunsa akati mwadzatani, adzayankhe kuti ndadzangoona.

Anapuma pantchito mu 2025. Mu Okutobala chaka chomwecho mphepo yamkuntho yotchedwa Melissa inakantha kumadzulo kwa Jamaica ndi mphamvu yoopsa, n'kusasula madenga ndi kuwononga tawuni ya Black River. A Madala anaonera zithunzizo pa foni ya mwana wawo: malata opiringizika, amayi akuanika mabuku a sukulu padzuwa, amuna akukhoma denga ndi misomali yowongola. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati zikufanana ndi kwa mlongo wawo. Mwanayo anaganiza kuti ulendo wathera pomwepo. M'mawa mwake anawapeza atatsegula tsamba latsopano, akuchotsa masiku awiri a ku Montego Bay n'kuwaika kumidzi ya ku St Elizabeth, kumene kunali kowonongeka kwambiri. Pansi pake analemba kuti asaiwale kutenga sipanala ndi magolovesi awo a pantchito.

Tsopano pasipoti anaikonzetsanso, ndipo dokotala atawapima anavomera kuwabaya katemera uja. Khadi lachikasu lili m'kati mwa kope. Tikiti sanagulebe, akudikira ndalama zotsala za penshoni. Akazi awo anakana kupita nawo, ati ndege zitatu n'zambiri kwa munthu amene ngakhale basi ya ku Mwanza imamudwalitsa. Koma Loweruka lapitali anapita ku tawuni okha, nabwera ndi malaya awiri a manja aafupi ndi chipewa cha dzuwa, naziika m'sutikesi muja pamwamba pa kope.

"Abambo," anatero, "Febuluwale ameneyu musamuphonyenso. Kukagwa china kumudzi, tidzaona ife otsala."