Zimbale zanga zapamtima panjira ya ku Tanworth

Sitima yopita ku Birmingham imanyamukira pa siteshoni ya Marylebone mu London, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Abbey Road si patali. Ndinalawira m'mamawa kuti ndikaone kaye powolokera msewu paja pamene anyamata anayi a The Beatles anajambulitsa chithunzi cha pachikuto cha chimbale chawo cha 1969. Ndinapeza alendo ali kale piringupiringu, uyu akuwoloka, uyu akujambula, magalimoto ataima kudikira. Chimbale cha Abbey Road ndimachikonda, makamaka mbali yachiwiri pomwe tinyimbo tifupitifupi talumikizana mosapumira, koma pa mndandanda wanga chili pa nambala 4. Amene ndinamuika pamwamba pa onse kwawo n'kumudzi, ku Warwickshire, ndipo n'kumene ndinkalowera.

Sitima itadutsa Banbury ndinasuzumira pazenera kufuna kuona Cropredy, kamudzi komwe gulu la Fairport Convention limachititsa chikondwerero cha nyimbo m'mwezi wa August. Ndinangoona minda, nkhosa ndi ngalande yoyenda mabwato. M'makutu munali Liege & Lief, nambala 2 yanga. Chimbalechi chinabadwa m'maliro. Mu May 1969 galimoto ya gululi inachita ngozi pa msewu wa M1, ndipo woimba ng'oma wawo, Martin Lamble, anafa ali ndi zaka 19. Otsalawo anasonkhananso, n'kutenga nyimbo zamakolo za ku Britain, zonena za asilikali, chigololo ndi mizimu, n'kuziimba ndi magitala amagetsi komanso vayolini ya Dave Swarbrick. Pofika December chaka chomwecho chimbale chinali chitatuluka. Mawu a Sandy Denny mu nyimbo ya Matty Groves amafotokoza nkhani ya kuphana mosanjenjemera ngakhale pang'ono, ndipo n'zimene zimandiimitsa tsitsi. Gitala ya Richard Thompson imabwera pambuyo pake kudzamaliza zimene mawu asiya.

Sandy Denny yemweyo ndi amene anaitanidwa kukaimba mu The Battle of Evermore, pa chimbale chachinayi cha Led Zeppelin cha 1971, chomwe ndi nambala 3. Ndinachitsegula tikulowa mu Birmingham, poti Robert Plant ndi John Bonham a gululi anakulira m'madera oyandikana ndi mzindawu. Ng'oma za Bonham mu When the Levee Breaks zimachita kugunda m'chifuwa. Za Joni Mitchell ndi Bob Dylan ndazisiya dala, zimenezo zikudikira ulendo wa ku America.

Pa Moor Street ndinakwera sitima ina yolowera ku Stratford-upon-Avon. Siteshoni ya Danzey ndi yaing'ono moti nthawi imeneyo sitima sinkaima pokhapokha wina atapempha, choncho ndinauziratu kondakitala. Ndinatsika ndekhandekha. Kuchoka apo ndinayenda wapansi m'kamsewu kopapatiza, mipanda ya zitsamba uku ndi uku, mpaka nsanja yosongoka ya tchalitchi cha St Mary Magdalene inaonekera pamtunda. Tanworth-in-Arden ndi mudzi wa nyumba za njerwa zofiira, bwalo la kapinga pakati, ndi malo omwera a The Bell pambali pake.

Nick Drake, amene ndinamuika pamwamba uja, anabadwira ku Rangoon mu 1948 koma anakulira m'mudzi uno. Anatulutsa zimbale zitatu zokha, ndipo ali moyo palibe chomwe chinayenda malonda. Anali wamanyazi kwambiri, kuimba pagulu kunkamusautsa, ndipo kenako matenda a maganizo anamubweza kunyumba kwa makolo ake, komwe anamwalira pa 25 November 1974 ali ndi zaka 26. Phulusa lake linaikidwa m'manda a tchalitchichi, pansi pa mtengo waukulu wa oak. Chiliza chake n'chaching'ono, chotuwa ndi ndere, munthu ukhoza kuchipitirira osachiona. Patsinde pake anthu anasiyapo maluwa, timakalata topinda ndi tizidutswa ta pulasitiki tokhwatchira gitala. Mayi wina wachikulire amene ankasamalira manda ena chapafupi anangondiona n'kuloza komweko, osandifunsa n'komwe chomwe ndadzera. M'manda momwemo mulinso Mike Hailwood, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto.

Pink Moon, nambala 1 yanga, inajambulidwa usiku uwiri wokha mu October 1971 mu situdiyo ya Sound Techniques ku Chelsea, muli Drake ndi wojambula mawu John Wood basi. Nyimbo zake ndi 11, zonse pamodzi mphindi 28 kapena kuposera pang'ono. Mulibe ng'oma, mulibe oyankhira, koma mawu ndi gitala, ndi kapiyano pang'ono mu nyimbo yoyamba. Ukamvetsera umamva chala chikukhula nsambo, umamva munthu akupuma. Ankakunga nsambo m'njira zakezake, moti chala chachikulu chimayendetsa mabesi pamene zinazo zikuluka nyimbo pamwamba. Khutu langa linaleredwa ndi banjo ya Allan Namoko ndi gitala ya Daniel Kachamba pa wailesi, ndiye munthu amene choimbira chimodzi chikumukwanira ndimamumva msanga kuposa gulu la zida zambirimbiri.

Zimandipweteka kuti anthu ambiri anadzamudziwa Drake mu 1999, kampani ya Volkswagen itaika nyimbo ya Pink Moon pa malonda a galimoto ku America, mwiniwake atagona kale zaka 25. Ndinalowa mu The Bell kukamwa tiyi ndisanabwerere ku Danzey, ndipo ndili momwemo ndinalemba m'kabuku kanga nambala 5, yomwe inali isanapeze mwini: Five Leaves Left, chimbale chake choyamba cha 1969.