Mawu athu amasintha kumutu

Kwabuka anyamata ena kunsi kwa mapiri kuno, kuyambira pa Golomoti mpaka Mtakataka, amene akuuza anthu kuti pulogalamu yofufuzira zolemba amaimaliza tsiku limodzi, mtengo wake wa tambala. Ntchito yawo ndinaiona. Amathira zolemba zonse m'tebulo limodzi, n'kulemba lamulo la LIKE lokhala ndi % uku ndi uku, basi aitanitsa ndalama. Poonetsa kasitomala zimayenda bwino chifukwa mizere imakhala makumi angapo. Dikirani zolembazo zichuluke. Kompyuta imayamba kuwerenga mzere uliwonse kuchokera pamwamba, ndipo ikamaliza imakukhuthulirani zonse pamodzi, chofunika ndi chosafunika, osadziwa choika patsogolo.

Ine ntchito yanga ndi yomweyo, koma ndimaigwira ndi Python pamodzi ndi laibulale yofufuzira mawu. Makasitomala anga ndi magulu a alimi, sukulu, matchalitchi, ndi alembi osunga mabuku a milandu ya malo. Zoika Python, kutsegula fayilo ndi kuthiramo zolemba sindifotokoza, mwana wa Fomu 2 angathe.

Malaibulale alipo ambiri. Lucene, yomwe Doug Cutting anailemba mu 1999, ndiye kholo la zambiri, koma ndi ya Java, ndipo kuti muiyendetse kuchokera mu Python mumadzera mu PyLucene, imene imanyamula Java yense kumsana. Laputopu zakale za m'maofesi a kuno zimangolira fani. Xapian ndi yabwino, yolembedwa mu C++, koma kuiika pa kompyuta ya mwini wake ya Windows kumadya tsiku. Whoosh ndinaikonda chifukwa ndi Python yekhayekha, kungoti eni ake anaisiya kalekale. Ine ndinakhazikika pa FTS5 ya mu SQLite. Nthawi zambiri imabwera kale ndi Python, mlozera wonse umakhala m'fayilo imodzi yoti muika pa fulashi, ndipo sifuna intaneti. Zimenezi n'zofunika kuno. Mapanelo a sola a mamegawati 20 ali pa Golomoti pomwepa chiyambire 2022, koma mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse, ife magetsi amatithimirabe. Fayilo ya SQLite magetsi akathima pakati pa kulemba imadzibweza yokha pamene inali bwino.

Tsono apa ndi pamene pali ntchito. Malaibulale onsewa anapangidwa ndi anthu amene mawu awo amasintha kumchira. Martin Porter anafalitsa njira yake yodulira michira ya mawu a Chingerezi mu 1980, ndipo FTS5 ili nayo. Pa Chichewa ilibe phindu. Mlembi akufuna milandu yonse yogula munda. M'mabuku analemba anagula, adagula, tinagula, sanagule, wogula, adzaugula, kugulitsa. Kumutu n'kumene kwadzaza zinthu: wochita, nthawi, kukana, chochitidwa. Mukalemba gul* laibulale imafuna mawu oyamba ndi gul, ndiye ikupatsani gule ndi gulu, mlandu wa munda osaoneka.

Mayina nawonso ali ndi zawo. Munda ndi minda n'zosavuta. Koma khasu ndi makasu, tsamba ndi masamba, dzira ndi mazira, duwa ndi maluwa, palibe lamulo limodzi lozigwira zonse, mumangozilemba pamndandanda ndi manja.

Chimene ndimachita n'chakuti cholemba chilichonse ndimachisunga pawiri. Danga loyamba limakhala ndi mawu monga analembedwera, osakhudza ngakhale chilembo. Danga lachiwiri ndi la matsinde, omwe Python wawasenda asanalowe mu mlozera. Funso la wofufuza limadutsanso m'mpeni womwewo. Kenako pa bm25, imene imasanja zotsatira, ndimapatsa danga loyamba kulemera kwambiri, kuti amene walemba anagula aone kaye anagula, achibale ake atsatire pambuyo.

Kusendako kumafuna dzanja lofatsa ngati posenda chinangwa chaching'ono, mukazamitsa mpeni mutsala ndi makoko. Lamulo lochotsa nda lidzadula ndalama n'kusiya lama. Lochotsa ana lidzapha anapiye ndi anamwino. Si wa kukana adzadya sitolo, ka adzadya kalata. Choncho ndili ndi mndandanda wa mawu osakhudzidwa umene ndakhala ndikuwonjezera zaka zonsezi, ndipo umenewu sindipatsa munthu. Kuyambira kumapeto kwa 2020 FTS5 ili ndi njira ina ya trigram, yodula mawu m'timagulu ta zilembo zitatuzitatu, ndipo imapeza gul pakati pa mawu. Ndimaigwiritsa ngati chothandizira chabe. Mlozera umatupa, komanso aneni aafupi monga kufa ndi kuba tsinde lawo silifika zilembo zitatu.

Nkhodolero ndiye msampha umene anyamata aja sauona n'komwe. Chodulira mawu cha unicode61, mukachisiya mmene chinabwerera, chimaona nkhodolero ngati mpata. Ng'ombe imasanduka ng ndi ombe. Wina amati ingofufutani nkhodolero zonse. Mukatero ng'oma yoimba yasakanikirana ndi ngoma imene Angoni a kwa Kachindamoto amavina, ndipo kuno zimenezo si nkhani yaing'ono. Ya mu ng' iyenera kukhala, ya mu m'mudzi ndi n'kupita iyenera kupatula. Onjezani kuti Word imapinda nkhodolero pomwe makiyibodi ena amaiimika chilili, ndipo kwa kompyuta zimenezo ndi zilembo ziwiri zosiyana.

Zonsezi sindinaziphunzire pa kompyuta. Anandiphunzitsa ndi madala ena amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki m'tauni, n'kubwerera kumudzi atapuma. Ndinapita kwa iwo kuti andiphunzitse kulemba mapulogalamu, poti anali ndi kompyuta yakale. Iwo anandipatsa katoni ya makadi ndi buku la maina a mabanja, ati ndilembe mlozera ndi pensulo. Kompyuta inali pomwepo, yofunditsidwa chitenje. Ndikamaliza ankatenga khadi limodzi n'kufunsa, "Iwe mnyamata, mayi wosadziwa kulemba akabwera kudzafuna dzina ili, adzalitchula bwanji?" Ndikayankha, ankafunsanso kuti nanga mlembi wa kale analimva bwanji. Anali ndi makalata a makolo awo a m'nthawi ya atsamunda, ndipo ankandiwerengetsa mokweza pakhonde, kunja kukutentha monga kumatenthera kuno mu Okutobala. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, kotero dera lino lili ndi zolemba zakale kuposa malamulo a kalembedwe a 1973. M'mapepala otero mupeza c pamene ife timalemba ch, r ndi l zikusinthana mwaufulu, Ncheu m'malo mwa Ntcheu, Ntakataka pambali pa Mtakataka. Madalawo sankalola kuti ndikonze kalembedwe ka munthu wakufa. Ankati ndilembe khadi lina lolozera ku loyambalo. Danga langa lachiwiri lija linachokera pamenepo. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ndipo ankandipatsa yemweyo.

Makasitomala ambiri saona zimenezi. Amaona kabokosi kolembamo ndi batani, ndiye amati, "Achimwene, kabokosi kameneka mpaka ndalama zonsezi?" Ena amabweretsa zithunzi za mabuku zojambula pa foni, mthunzi wa chala uli pakati, n'kumayembekeza kuti mawa afufuza. Kutaipa ndi ntchito ina, ili ndi mtengo wake, ndipo ndimanena poyamba. Enanso amalipira theka, kwinako ati akakolola mpunga.

Tsopano ndisanatchule mtengo ndimapempha mlembi andipatse mafunso enieni amene anthu amabwera nawo pa ofesi, monga momwe amawanenera. Ndimawayesa pamaso pake, pa zolemba zake zomwe. Amene ali kale ndi pulogalamu ya anyamata aja ndimamuuza alembemo ng'ombe ndi nkhodolero yopinda, kenako alembe minda pofuna munda, tione chimene chituluke.