Zimene Ndinaona kwa Woyendetsa Alendo ku Zanzibar

Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo za malonda a akapolo amalidziŵa vuto lake. Ana amaloŵeza maina a Jumbe wa ku Nkhotakota, Mlozi wa ku Karonga ndi David Livingstone, nakhoza mayeso, koma ukaŵafunsa kumene ankapita anthu aja ataolotsedwa nyanja, amangoti "kunyanja ya mchere". Ambiri a iwo ankayenda pansi kufikira ku Kilwa, ndipo kuchokera kumeneko ankatengedwa pa zombo kunka ku Zanzibar. Ine ndinakafikako, ndipo ndifuna kukamba za bambo amene anatiyendetsa m'dera lakale la mzindawo, lotchedwa Stone Town, pakuti m'maola anayi anachita zimene inu mukuŵerenga m'mabuku a kaphunzitsidwe, chonsecho sanapondepo pa koleji ya aphunzitsi.

Tinali atatu okha, ndipo tinapangana naye kuti akhale wathu m'maŵa wonse. Panjira tinkakumana ndi magulu aakulu a alendo, mtsogoleri akufuula kutsogolo, akumbuyo akungojambula zithunzi. Wathuyo anatiimika pa chitseko china, nakhala chete. Kenaka anati, "Aphunzitsi, tandiuzani, mwini nyumba ino anachokera kuti?" Tinayang'anizana. Iye sanatipatse yankho, koma anatitengera pa chitseko chachiŵiri nati tifanizire. Choyamba chinali ndi mphuthu za ngodya zinayi ndi malemba a Chiarabu osemedwa pamwamba. Chinacho chinali chozungulira kumutu, chokhomedwa zisonga za mkuwa. Apo mpamene anafotokoza kuti choyamba nchosemedwa mwa Chiarabu, chachiŵiri mwa Chimwenye, ndi kuti anthu amati ku India zisongazo zinali zotchinjiriza njovu za nkhondo. Pa chilumbapo palibe njovu, tsono zisongazo zinangokhala zoonetsa chuma. Pofika pa chitseko chachisanu tinali kupikisana ngati ana a Sitandade 3, aliyense kufuna kuyamba kutchula.

Funso limene linandigwira mtima linali la zipinda. Nyumba ndi zazitali, za eni chuma, koma zipinda zake nzopapatiza. Chifukwa ninji? Tinalota zambiri. Iye anangoloza kudenga. Mitanda yonyamula nsanja ndi ya mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja, ndipo siitalika kwenikweni; chipinda sichingatambalale kuposa mtanda wake. Makoma ndi a miyala ya m'nyanja yomatidwa ndi laimu, misewu njopapatiza kotero kuti mthunzi suchoka, ndipo m'mbali mwa nyumba muli mipando ya miyala yotchedwa baraza, pamene amuna amacheza monga timachitira pakhonde. Mwana amene anaonapo atate ake akusankha mitengo ya phaso angamvetse zimenezi msanga kuposa ife amabuku.

Pa linga lakale, limene Aarabu a ku Oman anamanga atapirikitsa Apwitikizi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, sitinachedwepo. Pafupi pake pali House of Wonders, nyumba imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pa chilumbapo. Mizati yake njachitsulo, ndipo tinazindikira tokha chifukwa chake makonde ake ali otakasuka chotero. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu December 2020, patapita zaka 20 chilembedwere mzindawu m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa.

Tinatsiriza pa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene chinamangidwa pamalo a msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo ntchito yomanga inayamba chaka chomwecho, woyang'anira ali Edward Steere, amene anamwalira mu 1882 ali bishopu naikidwa kuseri kwa guwa. Pano mbiri yathu ndi yawo zikumana. Mishoni ya U.M.C.A. inayamba ku Magomero mu 1861. Bishopu Mackenzie atamwalira mu 1862, Bishopu Tozer anaisamutsira ku Zanzibar mu 1864, ndipo kuchokera kumeneko inabwerera kunyanja kwathu nikhazikika pa Likoma mu 1885. M'katimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa Livingstone.

Pambali pa tchalitchi pali zipinda ziŵiri za pansi pa nthaka, zotsika denga ndi zamdima, zimene alendo amauzidwa kuti munkasungidwa akapolo. Bamboyo anatiloŵetsamo, natisiya timve kutentha kwake. Titatuluka anati, "Zimene mwamva ndizo timauza alendo. Koma akatswiri ena a mbiri amatsutsa, ati nyumba ili pamwambayi inamangidwa msika utatsekedwa kale. Za msika wokha palibe wotsutsa." Mnzanga wina sanakondwe nazo, poganiza kuti mawuwo achepetsa kuŵaŵa kwa nkhaniyo. Ine ndinaona mosiyana. Iye anatilemekeza potisiyanitsira zimene zili ndi umboni ndi zimene anthu amangosimba, ngakhale kuti kukhala chete kukanamsangalatsira alendo ake. Mwana wa Sitandade 7 angathe kusenza kusiyana kumeneku. Akapanda kukumva kwa inu, adzakumva kwa wina atakula, ndipo adzakayika ndi zoona zomwe munamphunzitsa.

Mudzati kalasi lanu lidzakhala la ana 80, osati atatu, ndipo Zanzibar ndi kutali. Nzoona. Komatu nyumba zokamba mbiri sizisoŵa kwathu kuno. Ku Blantyre kuli Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene David Clement Scott anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Pa Likoma pali tchalitchi chachikulu cha St Peter. Ndipo pa boma lililonse pali ofesi yakale, sitolo ya Mmwenye kapena mzikiti. Kafikeniko nokha poyamba, musankhe malo atatu oimapo, pa malo alionse mukonzere funso limodzi limene yankho lake likuoneka ndi maso. Agaŵeni ana m'magulu a asanu ndi atatu, gulu lina likuyeza kukhuthala kwa khoma ndi chingwe, lina likujambula mazenera, lina likufunsa mlonda kapena gogo wa pafupi. Pobwerera m'kalasi gaŵani bolodi paŵiri: kumanzere alembe zimene aona, kumanja zimene auzidwa.