Kuchokera ku Solihull Kufika ku Herne Hill, Potsata Mapazi a Nkhalamba ya Njinga

Lamulungu la pa 1 Julaye 2012, pamene muuni wa masewera a Olimpiki unali kutuluka mu mzinda wa Birmingham kulowera ku Coventry, ine ndi mnzanga wina wa kwathu ku Dedza, amene timagwira naye ntchito pa nyumba yosamalirako okalamba, tinalawira m'mamawa pa galimoto yake kunka ku Solihull, osati chifukwa cha muuniwo ayi, koma chifukwa tinali titamva kuti mmodzi mwa anthu 8,000 osankhidwa kuunyamula anali mkulu wa zaka 91, dzina lawo a Tommy Godwin. Ife amene ntchito yathu ndiyo kusambitsa, kudyetsa ndi kugoneka anthu a msinkhu wotere, ambiri a iwo otha mwezi wathunthu osaona nkhope ya mbale wawo, tinafuna kuona ndi maso athu ngati dziko lino lingathe kuimirira m'mbali mwa msewu ndi kuombera m'manja munthu wa imvi.

Ndipo linaimiriradi. Iwo anabwera atavala zoyera monga onyamula muuni onse, atagwira chitsulo chagolide chija chokhala ndi timabowo 8,000, nayenda nacho mtunda wawo wa mamita ngati 300 pakati pa khamu lofuula. Ndipo ine, amene ndinaleredwa pomva kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndinaona tsiku limenelo mkulu atapatsidwa moto kuti auyendetse, mtima wanga nugwidwa ndi chimwemwe chimene ndinali ndisanamvepo chifikire kuno.

Owerenga asawasokoneze ndi mnzawo wa dzina lomweli amene mu 1939 anapalasa mamailosi 75,065 m'chaka chimodzi. Ameneyo anali wa pamsewu. A Godwin athuwa anali a pabwalo. Anabadwira ku Connecticut, ku America, pa 5 Novembala 1920, kwa makolo a ku Britain amene anabwerera kwawo mu 1932, ndipo njinga yoyamba imene mwanayo anaidziwa bwino sinali ya mpikisano, koma cholemera china chotumikira pa golosale, choperekera katundu kwa ogula. Nditamva zimenezi ndinakumbuka anyamata a kabaza a pa Salima, amene miyendo yawo imasenza munthu ndi thumba la chimanga pa keliyala kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa kulowa, ndipo ndinadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo akanakhala akatswiri a dziko lonse akanapeza bwalo ndi mphunzitsi. Atasinkhuka, a Godwin analowa ntchito ya zamagetsi pa fakitale ya BSA ku Birmingham, kumene ankapanga njinga ndi mfuti, ndipo nkhondo yachiwiri inawadyera zaka zimene wothamanga amakhala pa mphamvu zake zenizeni, pakuti masewera a 1940 ndi a 1944 sanachitike.

Patapita masabata angapo, phokoso la Olimpiki litazirala, ndinakwera sitima pa Moor Street kunka ku Marylebone, ndi kudutsa London kumka kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, kuti ndikaone malo amene mkuluyu anapatirapo ulemu wake. Bwalo la Herne Hill silidzionetsa kwa mlendo. Munthu amayenda mu Burbage Road pakati pa nyumba za anthu zokhala ndi timinda ta maluwa, naganiza kuti wasokera, kufikira atapeza kanjira kopapatiza kolowera kuseri kwa nyumbazo. Ndipo pamenepo, mwadzidzidzi, pamatseguka chigwa chobiriwira chozingidwa ndi msewu wa phula wozungulira mamita ngati 450, wopendekeka m'makona mwake ngati m'mphepete mwa lichero. Bwaloli linamangidwa mu 1891, chaka chomwe dziko lathu linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo zaka ziwiri ndisanafikeko linatsala pang'ono kutsekedwa, anthu a m'deralo akanapanda kulimenyera nkhondo mpaka phula latsopano linaikidwa mu 2011. Nyumba yakale yokhalamo oonerera inali yotseka ndi yotha ntchito, koma pabwalopo panali podzaza ana.

Ndinayandikira bambo wina wachikulire wovala jekete lachikasu, amene ankayang'anira anawo atagwira wotchi m'dzanja, ndipo nditawalonjera ndi kuwauza kumene ndinachokera, anandikokera njinga imodzi nati, "Iyang'aneni bwino, bambo, mundiuze chimene chikusowa." Ndinayang'ana mahandulo, chishalo, tcheni ndi masipoko, kenaka ndinazindikira kuti panalibe mabuleki. Iwo anandifotokozera kuti njinga ya pabwalo ili ndi giya imodzi yokha, yomangiriridwa ku gudumu lakumbuyo kotero kuti pamene gudumu likuzungulira, mapedulo nawonso amazungulira, wopalasa sangapumitse miyendo ngakhale kamphindi. Wofuna kuchepetsa liwiro amakwera chakumtunda kwa kupendekeka kuja kapena kukaniza mapedulo ndi miyendo yake. "Buleki pano ndiye ngozi," anatero, "chifukwa amene ali pambuyo panu wasiya mpata wa chikhatho chokha pakati pa tayala lake ndi lanu."

Mawu amenewa ndiwo ananditsegulira mpikisano umene a Godwin anapatira mendulo yawo yoyamba ya mkuwa pa bwalo lomweli, pa masewera a Olimpiki a mu Ogasiti 1948. Amuna anayi amayenda mondondozana mamita 4,000, wotsogola ndiye wolimbana ndi mphepo pamene anzake atatu akubisala kumsana kwake, ndipo akatopa amakwera m'mwamba pa kona, nawapatsa njira, natsikira kumchira kwa mzere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano mwambiwu si wokometsera nkhani chabe, pakuti wamphamvu amene angathamange mopitirira muyeso amangomwaza gulu lake. A Godwin, pamodzi ndi Alan Geldard, David Ricketts ndi Wilf Waters, anagonjetsa Uruguay polimbirana malo achitatu, pambuyo pa France ndi Italy. Mendulo yachiwiri inali ya payekha, ya mamita 1,000 kuyambira chiimire, m'mene munthu alibe mdani woti amuone koma wotchi yokha. Jacques Dupont wa ku France ndiye anapambana, Pierre Nihant wa ku Belgium natsatira, a Godwin nakhala achitatu ndi mphindi imodzi ndi masekondi 15. Zonsezi zinachitika m'masiku a usiwa, chakudya chikugawidwabe ndi makuponi, ochita masewera akugona m'misasa ya asilikali ndi m'makoleji, ndipo mwini mendulo ziwiri anabwerera ku ntchito yake ya ku fakitale monga munthu wobwera ku maliro kapena ku ukwati.

Koma ndinene chimene chili kumtima kwanga: mendulozo, ngakhale ndiwonjezepo yachitatu imene anaipata ku Auckland mu 1950, sizikanandinyamula ku Birmingham. Chimene chinandinyamula ndi zaka 36 zimene anakhala m'sitolo yawo ya njinga ku Kings Heath, kuyambira 1950, manja ali bii ndi girisi, akuwongola marimu ndi kumvetsera anyamata osauka obwera kudzasirira zimene sakanatha kugula. Mu 1964 anatsogolera gulu la opalasa njinga la Britain ku Olimpiki ya ku Tokyo, ndipo anakhala mphunzitsi woyamba wa dziko lonselo wolandira malipiro. Pambuyo pake anakhalanso pulezidenti wa British Cycling Federation. Mwa amene anadutsa m'manja mwawo munali Graham Webb, mwana wa m'makwalala osauka a Birmingham, amene mu 1967 anakhala katswiri wa dziko lonse wa pamsewu pakati pa osalipidwa, ndi Mick Bennett, amene anatenga mkuwa mu 1972 ndi mu 1976 pa mpikisano wa anthu anayi womwe uja. Alipo amene amati tsobola wakale sawawa. Koma pamene Britain inatenga mendulo zagolide 7 mwa 10 pa bwalo latsopano la matabwa la Olimpiki mu 2012, ndipo pamene Bradley Wiggins, amene anayambira pa Herne Hill pomwepa ali mwana, anapambana Tour de France chaka chomwecho, okolola anali ena, koma mphanje inalimidwa kale ndi anthu onga wa m'sitolo uja.

Ndisanachoke, bambo a jekete lachikasu anandilola kuyenda wapansi pa udzu wa m'kati mwa bwalo, ndipo ndinaima pa kona kuonerera kamtsikana ka zaka ngati khumi kakukwera kupendekeka koyamba, mphunzitsi akukafuulira kuti kasaleke kupalasa, pakuti wochita mantha nachepetsa liwiro ndiye amatsetsereka. Kanadutsa bwinobwino, ndipo kanabweranso kachiwiri kali chapamwamba kuposa poyamba.

Pa 3 Novembala chaka chomwecho, kutatsala masiku awiri kuti akwanitse zaka 92, a Godwin anatsikira kuli chete ku Solihull konko. Madzulo ake ndinatenga nyuzipepala yokhala ndi chithunzi chawo ndi kukhala nayo pambali pa kama wa agogo ena a kuntchito kwathu, amene amaiwala ngakhale dzina la mwana wawo, ndipo kawirikawiri salankhula kanthu tsiku lonse. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chawo chikunjenjemera pamwamba pake, kenaka anati, "Kings Heath. Njinga yanga yoyamba inali yobiriwira." Ndinawafunsa kuti ankapita nayo kuti, ndipo anayamba kundiuza, msewu ndi msewu, kufikira tiyi wawo anazizira.