Dzina latsopano, zitsulo zomwezija

Majimu a mu Blantyre muno ayamba kusintha mayina ngati malaya. Komwe ndimapita ine ku Limbe apenta khoma, akhoma chikwangwani chowala, mtengo wa pamwezi n'kukwera. Koma makina othamangirapo omwe adafa chaka chatha akadali pakona pomwepo.

Dzina palokha siligwira munthu mtima. Taonani Bullets: idali Bata, idakhalapo Bakili, lero ndi FCB Nyasa Big Bullets, koma masapota amangoti Maule. Ku Ndirande anyamata amanyamula simenti youmitsira m'zitini, chikwangwani alibe, koma ukajomba masiku awiri amakuimbira foni.

Ndiye musanatumize ndalama pa Mpamba, lowani kaye mkati. Yesani zitsulozo, muonenso ngati wophunzitsayo angakufunseni za thanzi lanu musananyamule kanthu.