Oilo Akalimba M'sampu

Ndimakonza maminibasi kuno ku Ndirande, makamaka ma Hiace oyenda njira ya m'tauni ndi ya ku Limbe yodzera ku Makata. Madalaivala ambiri akasolola dipisitiki n'kutikita oilo pa zala amati, "Achimwene, uyu akadali bwino, onani kulimba kwake." Mawu amenewa amandidetsa nkhawa, chifukwa oilo amene analowa wopepuka n'kulimbira m'injini ndi oilo wotopa.

Minibasi ya kuno simapuma. Imaima pa siteji injini ikulira, imanyamuka itadzaza, imakwera zitunda pa giya yotsika, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, fumbi likulowa paliponse. Kutentha koteroko kumachititsa oilo kusakanikirana ndi mpweya n'kuyamba kupsa, mbali yake yopepuka imauluka, ndipo mu injini ya dizilo mwaye umawonjezera. Mapeto ake amakhala ngati phala logona. M'mawa injini ikalizidwa, oilo wotere amachedwa kufika ku maberingi, ndipo zitsulo zimadyana zouma.

Kuyesa kwanga n'kwa manja. Ndimatunga oilo wa m'sampu, ndimamusiya azizire mpaka afanane ndi watsopano wa mtundu womwewo, kaya 15W-40 kaya 20W-50. Kenako ndimadontheza onse awiri pa galasi lopendekeka. Wakale akatsalira kutali, walimba. Akathamanga kuposa watsopano, ndiye kuti dizilo akutsikira m'sampu, vuto lina limenelo. Dontho lina ndimaika pa pepala loyera n'kulisiya ligone. Likafalikira mozungulira, oilo akadanyamulabe litsiro. Likaunjikana pakati, lakuda bii, mphamvu yatha. Kuda kokha sikundiopsa; oilo wa dizilo amada msanga ngakhale ali wabwino.

Ku America opanga oilo anali ndi mayeso otchedwa Sequence IIIG, pomwe injini inkathamangitsidwa maola 100 oilo ali pa madigiri 150, iwo n'kumayeza mmene akulimbira. Chimene ndimatolapo n'chakuti ankawerenga maola, osati mtunda. Minibasi yozungulira Chinseu ndi Goliyo muno mu Ndirande imalemba makilomita ochepa pomwe injini yagwira ntchito tsiku lonse.

N'chifukwa chake eni galimoto ndimawauza kuti asadikire nambala ya makilomita yolembedwa pa chomata cha sevisi. Ndimatsitsa oilo injini ikadali yotentha, ndimasintha ndi fyuluta yomwe, ndipo oilo wa m'mabotolo opanda chidindo sindimuthira, ngakhale mwini wake wabwera naye yekha.