Zoimbira za Kwaya Zimafera M'njira

Mwezi wa Novembala ukayandikira, makwaya a m'maparishi mwathu sagona tulo. Pa 22 Novembala timakumbukira Sesiliya Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo posapita nthawi Khirisimasi imakhala yafika. Iyi ndiyo nyengo imene Akhristu amamasula ndalama zimene anasonkha caka conse, natumiza ku Lusaka kuti kugulidwe kibodi, gitala kapena ampulifaya. Ena amalandira zoimbira zaulere kucokera kwa ana ao okhala ku Johannesburg ndi ku London, kapena kwa abwenzi a mishoni a ku Ulaya. Zonsezi n'zokondweretsa ndithu. Komatu pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera nthambi za parishi pa nchito yanga ya ukatekisti, ndaona kuti zoimbira zambiri zimafera m'njira, zisanalire ndi kamodzi komwe m'nyumba ya Mulungu. Ndipo zikafa motero, kawirikawiri zimatenga ndi mtendere wa mpingo.

Lolani, awerengi okondedwa, ndikusimbireni za nthambi ina ya parishi yathu, imene ili kutali ndi msewu wa tala. Akhristu a kumeneko analima munda wa nshawa ndi mpendadzuwa zaka ziwiri, azimai nagulitsa zitumbuwa pa sukulu, kufikira ndalama zinakwana. Anatuma mnyamata wao wa kwaya amene anali pa nchito ku Lusaka, ndipo iye anagula ampulifaya ndi masipika awiri. Posowa mpata wobwera nazo yekha, anazipereka pa basi monga katundu wopanda mwini, natumiza nambala ya foni ya kondakitala. Makatoniwo anayenda makilomita oposa 550, kudutsa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete, ali m'buti pamodzi ndi matumba a anthu. Ku Chipata anakwezedwa pa kalole konyamula feteleza, ndipo gawo lotsiriza la ulendo anayenda pa ngolo ya ng'ombe.

Atafika, makatoni ankaoneka abwino zedi. Azimai anaimba nthungululu, akuluakulu nalamula kuti asatsegulidwe mpaka tsiku limene Bambo Mfumu adzabwere kudzawadalitsa. Panapita masabata awiri. Tsikulo litakwana, anyamata ponyamula ampulifaya anamva kanthu kakugubuduka m'kati. Ataiyatsa inangoti zii, ndipo sipika imodzi atakaiyesa pa wailesi ya mphunzitsi inkalira ngati mafuta m'ciwaya. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa msonkhano umene unacitika pambuyo pace, amai ena acikulire anaimirira nati: "A Katekisti, tiuzeni zoona. Kodi mwana uja anatigulira catsopano, kapena anatola cakufa kale, ndalama zina n'kuika m'thumba?" Bambo a mnyamatayo anayankha ndi mau onjenjemera: "Amai, mwana ameneyu munamuimirira ndinu pa ubatizo. Lero mukumuyesa wakuba?" A basi anati iwo analandira katoni yotseka napereka katoni yotseka. Mwini kalole ananena cimodzimodzi. Panalibe womugwira, ndipo pakasowa womugwira anthu amagwira amene ali pafupi. Banja lija linaleka kubwera ku mphakati kwa miyezi ingapo.

Amene anatsuka dzina la mnyamatayo anali mmisiri wokonza mawailesi m'tauni, kumene tinapita nayo ampulifaya ija. Ataitsegula anandiitana nati, "Bambo, taonani apa, bala ili n'latsopano." Anandifotokozera kuti m'kati mwa maampulifaya ambiri muli citsulo colemera cochedwa transifoma, comangidwa ndi masikuluwu. Katoni ikagwa pansi, bokosi limaima mwadzidzidzi, koma citsulo cija cimafuna kupitirira ulendo wace, motero cimazula masikuluwu ndi kuphwanya kabolodi ka timawaya kamene kali pafupi. Kunja sikuoneka kanthu. Anandionetsanso mtovu umene umalumikiza tizipangizo ku bolodi. Kugwedezeka kwa msewu wa mabampu kumaucita ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo cimeneci ndico cifukwa cace ampulifaya ina imalira lero, mawa n'kukhala cete, anthu n'kumati ailodza. Za sipika anati kumbuyo kwace kuli maginito wolemera, ndipo pakati pa maginitoyo pali mpata wopapatiza mmene mumayenda kawaya kopota. Maginito akangosuntha pang'ono, kawayako kamakhula m'mbali, mau n'kusasa. Mbali yakutsogolo nayo ndi pepala cabe, ngakhale cogwirira ca khasu cikhoza kuiboola.

Zoimbira zina nazo zili ndi pofooka pace. Gitala imathyoka kawirikawiri pa khosi, pafupi ndi mutu pamene pali zokungira nsambo. Nsambo zisanu ndi imodzi za citsulo zikakungidwa zimakoka khosilo ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu pafupifupi 70, cotero gitala ikagwa cagada, thabwa limene linali lolemedwa kale silicedwa kugonja. Kutentha kwa m'buti mwezi wa Okotobala kumafewetsa guluu wogwira matabwa ace. Kibodi ikasanjikizidwa ndi thumba la ufa imapindika pakati, ndipo makiyi ena amaleka kubwerera. Cinyezi ca m'dzinja cikalowa mu ampulifaya, munthu naiyatsa isanaume, imapsa. Palinso ngozi ina imene imadikira kumapeto kwa ulendo: magetsi athu ku Zambia ndi a mavoti 230, monga a ku Britain ndi ku South Africa, pamene a ku America ndi a mavoti 120. Mphatso yocokera ku America yopangidwira magetsi a kwao okha, ikalumikizidwa kuno popanda kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwace, imatuluka utsi nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula.

Ndikaganizira nkhani zoterezi, ndimapeza kuti msewu suli ndi mlandu waukulu monga tiganizira. Makatoni a nthambi ija anadutsa m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa bwino zimene zinali m'katimo, kapena amene akanafunsidwa zikaonongeka. Kwa wokweza katundu pa siteshoni, katoni ya ampulifaya ndi katoni ya sopo n'cimodzimodzi, ndipo sitingamudzudzule kwambiri pakuti palibe anamuuza. Cinthu cosweka cimayenda bwino ngati camangidwa molingalira njira imene cidzadutsa, ndiponso ngati pali munthu wodziwika ndi dzina amene aciyang'anira kucokera poyambira mpaka pofikira.

Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri. Buku la Numeri, mutu 4, limalongosola mmene Aisraele ankasamutsira zipangizo za m'cihema copatulika m'cipululu. Aroni ndi ana ace ndiwo ankayamba kulowa, nakuta Bokosi la Cipangano, tebulo, coikapo nyale ndi ziwiya zonse ndi nsalu ndiponso zikopa, aliyense asanazikhudze. Banja lililonse la Alevi linali ndi katundu wace wodziwika, ndipo panali wansembe woyang'anira. Mutu 7 umaonjeza kuti atsogoleri atapereka ngolo 6 ndi ng'ombe 12, Mose anagawira ngolozo mabanja a Geresoni ndi Merari, onyamula nsalu ndi matabwa, koma banja la Kohati silinalandire ngolo, pakuti zinthu zopatulika kwambiri zinayenera kunyamulidwa pa phewa. Sindikunena kuti ampulifaya ilingana ndi Bokosi la Cipangano, iai. Koma cinthu cogulidwa ndi thukuta la amai amasiye kuti citumikire pa Misa ciyenera ulemu, ndipo ulemuwo suyambira pa tsiku lodalitsa. Uyambira pa tsiku lomanga katundu.

Ngakhale m'masiku amene kunalibe tala, zoimbira zolemera zinkafika zamoyo pakakhala cisamaliro cotere. Mu 1913 Albert Schweitzer, dokotala ndi katswiri woimba limba, anapita ku Lambaréné, m'dziko limene lero ndi Gabon, kukatsegula cipatala. Anzace a bungwe la nyimbo za Bach ku Paris anam'patsa piyano yokonzedwera dziko lotentha ndi la cinyezi, m'bokosi lochingidwa ndi malata a zinki. Piyanoyo inaoloka nyanja ya mcere, nikwera mtsinje wa Ogooué, ndipo pofika ku mishoni inanyamulidwa m'bwato lalikulu losemedwa ku mtengo umodzi. Inafika bwino, ndipo iye anaiimba zaka zambiri madzulo akaweruka ku odwala. Amene anaimanga anayamba afunsa kumene ikupita.

Tsono tisaganize kuti mabvuto amenewa ndi a ife a kumudzi okha. Mu 2008 Dave Carroll, woimba wa ku Canada, anakwera ndege ya United Airlines. Pa bwalo la ndege la Chicago okwera ena anaona pa zenera onyamula katundu akuponya magitala, ndipo gitala yace ya madola 3,500 inapezeka yothyoka. Kampaniyo inakana kulipira ponena kuti iye sanapereke dandaulo lace pasanathe maola 24. Atabvutika nayo miyezi yambiri, mu 2009 anapeka nyimbo yosimba nkhaniyo naiika pa YouTube, anthu mamiliyoni naiona, ndipo apo m'pamene kampaniyo inafuna kukambirana naye. Kwaya ya kumudzi ilibe mphamvu yotero. Phunziro lace kwa ife n'lakuti dandaulo locedwa silimveka. Akhristu a nthambi ija anacita mwaulemu posunga makatoni masabata awiri, koma ulemu umenewo unawalanda umboni.

Nanga ticite ciani? Coyamba, wogula aciyese cipangizoco m'sitolo momwemo pamaso pa mboni, atenge lisiti yolembedwa nambala ya cipangizoco, ndiponso acijambule ndi foni cisanalowe m'katoni. Asataye katoni yace ya ku fakitale ndi zoyera zija zochinga m'makona, pakuti zinapangidwira nchito imeneyo. Katoni imeneyo ilowe m'katoni ina yokulirapo, ndipo mpata wa pakati, wosacepera zala zitatu mbali zonse, udzazidwe ndi bulangeti, siponji ya matiresi akale kapena nyuzipepala zofwanyidwa. Pomaliza agwedeze: ngati m'kati mukumveka kanthu kakuyenda, nchito sinathe. Nsambo za gitala zimasulidwe pang'ono, ndipo pansi pa khosi ndi mutu paikidwe nsalu yofewa kuti zisalendewere. Kibodi ikhale pamwamba pa katundu yense. M'nyengo ya mvula zonse zikutidwe ndi pulasitiki, ndipo cimene canyowa cisayatsidwe mpaka citauma bwinobwino.

Caciwiri, wolandira atsegule katoni pamaso pa amene wabwera nayo, asanasaine kapena kunena kuti zikomo zafika. Ngati pali magetsi pafupi, aciyese tsiku lomwelo. Bambo Mfumu sadzakhumudwa kudalitsa ampulifaya yotsegulidwa kale. Ine ndiyesa adzakondwa kudziwa kuti cimene akudalitsa n'camoyo.

Cacitatu, ndipo ici n'cacikulu kuposa zonse, bungwe la chalichi polemba ndalama zogulira zoimbira lilembenso ndalama ya basi ya munthu mmodzi wopita ndi kubwera nazo. Msungacuma amaona ngati kumeneku n'kumwaza ndalama, ndipo ndimamumvetsa, popeza ndalama ya mpingo imabwera mobvuta. Koma tikayerekeza mtengo wa tikiti ndi zokolola za zaka ziwiri, yankho silibvuta. Munthu wotumidwayo amaima pomwepo pamene katundu akukwezedwa, amapempha mwaulemu kuti asaponyedwe, amaona kuti pamwamba pace pasaikidwe njinga, ndipo gitala amaifukata pa miyendo ngati mwana. Ngati n'kotheka, funsaninso ku parishi ngati galimoto ya mishoni ili ndi ulendo wa ku Lusaka mwezi umenewo. Kudikira masabata atatu si imfa.

Pamene tikudikira, Misa siima. Mu 1963 Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata cace ca za mapemphero a Mpingo, unalamula kuti maimbidwe a anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera. Kucokera pamenepo ng'oma, zisekese ndi masece zinalowa m'machalichi mwathu poyera. Makolo athu ankadziwa kuyenda nazo: ng'oma inkanyamulidwa ndi mwini wace pa phewa, osasiyidwa pa mvula, ndipo asanailize ankaiwamba pa moto. Zoimbira zatsopanozi n'zabwino, zimathandiza okalamba okhala kumbuyo kumva Mau a Mulungu, koma n'zosalimba kuposa ng'oma ndipo zimayenda maulendo ataliatali. Ngati ng'oma ya mtengo ndi cikopa inali ndi woinyamula, kuli bwanji bokosi la timawaya?

Inu apampando, asungacuma ndi atsogoleri a makwaya amene muli ndi ndalama m'manja mwezi uno, musanatumize khalani pansi musankhe munthu, mulembe dzina lace m'buku la msonkhano, ndipo mum'patse ya ulendo. Mukatero mudzachinjiriza cuma ca Akhristu, mudzachinjirizanso dzina la mwana wa mnzanu amene mwamutuma. Ambuye adalitse mau anu ndi manja onse amene anyamula zoimbira zanu.